Kukathera tsiku limodzi ku Dedza: mafunso amene anthu amandifunsa ndi mayankho ake

Ine kwathu ndi ku Dedza koma ntchito inandikokera ku Lilongwe kalekale, ndiye anzanga a ku ofesi, a ku tchalitchi, ngakhale achibale a ku Joni akabwera pa holide, amangondifunsa zomwezomwezo za kwathuko. Ndaona kuti bola ndingoyankha kamodzi onse amve. Ndikunena za ulendo wonyamuka m'mawa n'kubwerera madzulo, wopanda kugona.

Kodi ku Dedza kuli chani kwenikweni? Si pongodutsa popita ku Blantyre?

Funso ili limandiwawa pang'ono komabe ndimamvetsa komwe likuchokera. Msewu wa M1 sulowa m'tauni, umangolambalala, ndiye munthu uli m'basi umangoona phiri, mitengo ya paini, rodibuloko ndi amayi ogulitsa mbatatesi, basi wadutsa. Tauni yeniyeni, ife timati pa boma, ili m'kati m'tsinde mwa phiri ndipo uyenera kukhota dala kuti ukafikeko. Mukakhota mupeza msika, mashopu akale a makhonde otambalala aja, malo oumba makapu ndi mbale a Dedza Pottery, njira yokwerera phiri, ndiye chakumpoto kwake m'nkhalango ya Chongoni muli zojambula za pamiyala zimene anthu amakwerera ndege kudzaziona pomwe ife eni ake ambiri sitinapondeko.

Koma ndinene poyambirira pomwe, Dedza si malo othamangira. Amene amabwerako akudandaula ndi aja amafuna kuona zonse tsiku limodzi. Sankhani ziwiri kapena zitatu, zinazo mudzabwerenso.

Ndi kutali bwanji kuchokera ku Lilongwe, ndipo tinyamuke nthawi yanji?

Ndi makilomita pafupifupi 85 kulowera kum'mwera. Pa galimoto yanu ndi ola limodzi ndi theka mukayenda bwinobwino, mudutsa pa Nathenje, pa Kamphata pamene pali msewu wokhotera ku Nkhoma, kenako Linthipe, Chimbiya, mwafika. Nyamukani 6 koloko kapena isanakwane 7, chifukwa chimene chimadya nthawi si msewu ayi koma kutuluka m'tauni ya Lilongwe, makamaka ngati mukudzera pa mlatho wa ku Area 2. Mafuta thirani musananyamuke, musadalire kuti mukathira konko.

Ochokera ku Blantyre ulendo ndi wautali, kupita ndi kubwera tsiku lomwelo mutopa nazo, inu ndi bwino mugone. A ku Ntcheu inu ndiye ndi pakhomo.

Ndilibe galimoto, zitheka?

Zitheka ndithu. Maminibasi a ku Dedza amapezeka ku depoti ya Lilongwe kuyambira m'mamawa, komanso pali masienta amene amadzaza msanga. Chofunika ndi kumufunsa kondakitala momveka kuti, achimwene, ikulowa pa boma kapena ikungodutsa pa M1? Chifukwa zina zopita ku Ntcheu zimakutsitsani pa rodibuloko ndiye mumayenera kukwera kabaza kuti mulowe m'kati. Ine tsiku lina ndinakwera ina, anandilonjeza kuti ifika pa depoti, tili pa Chimbiya anatigulitsa kwa minibasi ina imene inaima pamenepo mpaka ola lathunthu kudikira kudzaza, tsiku langa lonse linasokonekera. Ndiye kwerani imene yatsala pang'ono kudzaza ndipo mtengo mugwirizane musanakhale pansi.

M'tauni muli makabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto. Ku Pottery ndi kumsika mufika popanda vuto. Ku Chongoni ndiye muyenera kupangana ndi wa njinga yamoto kuti akudikirireni, musamulole abwerere poganiza kuti mukapeza ina kumeneko.

Zoti ku Dedza kumazizira ndi zoona kapena anthu amangokokomeza?

Ndi zoona, musachite nazo masewera. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pa matauni onse a m'Malawi muno yokwera kwambiri ndi imeneyi. Mu June ndi July m'mawa mumadzuka chifunga chitaphimba phiri lonse, mphepo yake yolowa mpaka m'mafupa, ana opita kusukulu manja ali m'khwapa. Tengani juzi ndi jekete, amayi chitenje chowonjezera, ana zipewa. Olo mu October pamene ku Salima anthu akugona panja chifukwa cha kutentha, ku Dedza dzuwa likangolowa kamphepo kamayamba. Kuzizira komweku ndi kumene kumachititsa kuti mbatatesi, kabichi, nsawawa ndi mapichesi zizichita bwino kwathu, ndiye ife sitidandaula nako kwenikweni.

Tikafika tiyambire pati?

Ine ndimati yambani ndi chimene chikufuna mphamvu ndi dzuwa la m'mawa, kaya ndi phiri kaya ndi Chongoni, ndiye masana mudzadye ndi kupumira ku Pottery, msika ukhale womalizira kuti ndiwo zamasamba zisafote m'galimoto. Ambiri amachita mosemphana, amayamba kugula matumba a mbatatesi 9 koloko m'mawa kenako n'kumayenda nawo m'misewu yafumbi tsiku lonse galimoto ikukhula pansi.

Dedza Pottery ndi chani, ndipo kumaoneka zotani?

Ndi malo oumba ziwiya zadothi amene anayamba mu 1987, ali chakumpoto kwa tauni, mukamachokera ku Lilongwe simuchita kufika pakati pa boma, zikwangwani zikulozerani. Amaumba makapu, mbale, matiipoti, miphika ya maluwa, matailosi ojambulidwa, tizidole ta anthu ndi nyama. Chimene chimandisangalatsa ine ndi zojambula zake, ndi za kwathu konkuno, mupeza kapu pali mayi wasenza mtsuko, mbale pali mlambe kapena nsomba za m'nyanja, ina pali minibasi yodzaza katundu pamwamba. Chilichonse chimajambulidwa pamanja ndiye makapu awiri olo akhale a mtundu umodzi safanana ndendende.

Musangothera mu shopu. Pemphani kuti akuonetseni kumene amagwirira ntchito, muone dothi likuzungulira pa gudumu munthu n'kulikweza ndi zala mpaka lisanduke jagi, muone ojambula atakhala phee ndi tiburashi tawo, muone ng'anjo zimene amawotcheramo. Agogo anga ankaumba miphika ndi mitsuko kumudzi, kuumba kwa manja kokhakokha, kusalaza ndi chitsononkho, kuwotcha ndi nkhuni padzenje, ndiye ndikaima pamenepo ndimaona kuti luso ndi lomwe lija koma apa lapeza zipangizo, ndipo limandikhudza nthawi zonse. Ngati mukufuna kuona anthu ali pantchito pitani pakati pa sabata, Lamulungu mupeza shopu ndi malo odyera koma mbali ya ntchito imakhala zii.

Pali kapinga wabwino, malo odyera ndi zipinda zogona. Chimene chinatchuka kwambiri ndi cheesecake yawo ndi khofi, anthu amaimika galimoto pa ulendo wa ku Blantyre chifukwa cha chimenechi. Anatsegulaponso nthambi ina ku Nkhotakota m'mbali mwa nyanja.

Si malo a azungu okhaokha amenewo? Ife tingakwanitse?

Ayi, maganizo amenewa tiwasiye. Kulowa n'kuona sikufuna kuti mukhale ndi chikwama chonenepa. Zoona seti yonse ya mbale ndi yodula, koma kapu imodzi, kambale ka shuga kapena tailosi imodzi munthu wapantchito angathe. Funsaninso ngati pali zimene zinalakwika pang'ono powotcha, zimakhala zotsikirako mtengo koma tiyi amamweka chimodzimodzi. Ndipo mukatuluka, m'mbali mwa msewu wopita kumeneko muli timashopu ta anyamata osema ziboliboli, ojambula zithunzi ndi opanga makadi, muwayendere nawonso, ndalama ya mlendo isathere pa geti limodzi.

Nanga pa boma penipeni pali mashopu otani?

Musayembekezere ma mall a ku Lilongwe. Ndi tauni ya alimi, ndiye mashopu ake ndi a zimene mlimi amafuna: feteleza, mbewu, makasu, mankhwala opopera mbatatesi ndi tomato, malata, misomali, masipeya a njinga, zitenje, mapulasitiki. Pakhonde pali telala ndi makina ake opalasa, pambali pake wokonza mafoni, kutsogoloko wowotcherera mageti. Kwa ine kukoma kwake ndi kumeneko, kuyenda pang'onopang'ono kuchokera ku depoti kulowa mumsika, kuima pa okhoma zidebe n'kumaona ndowa ikubadwa kuchokera ku lata, kusankha majuzi pa kaunjika, ndipo kaunjika wa majuzi ndi majekete ku Dedza amayenda malonda kuposa china chilichonse, chifukwa mukuchidziwa kale.

Zitenje yang'anani bwino, chifukwa cha malire apafupiwa mumapezeka mitundu ina yochokera ku Mozambique imene ku Lilongwe simuiona kawirikawiri. Mumsika gulani nyemba, ku Dedza kuli nyemba zabwino zosachedwa kupsa, komanso nsawawa zosenda kale, mphasa, madengu, malichero, mithiko ndi zipande.

Mukamazungulira muonanso sukulu ya Dedza Government Secondary, imene anthu akale amangoti Box 48. Inatsegulidwa mu 1951, nthawi imeneyo masekondale m'dziko muno anali owerengeka pa zala, ndipo anthu ambiri amene anadzakhala akuluakulu a boma anadutsa pamenepo, mmodzi mwa iwo ndi Bingu wa Mutharika. Ndi sukulu, ana amakhala akuphunzira, ndiye musangolowa ngati mukulowa mu paki, yambani mwapempha ku ofesi.

Mbatatesi zabwino tikagule pati?

Paliponse m'mbali mwa M1 muzipeza, koma ngati muli ndi galimoto pitirirani pang'ono kum'mwera mufike pa Bembeke turn-off, kapena mupitirirebe mpaka pa Lizulu, pamenepo ndi m'boma la Ntcheu kale koma ndi msika waukulu wa ndiwo zamasamba umene mavenda a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amapikulako. Kabichi, karoti, anyezi, tomato, tsabola wobiriwira, zonse zili mbwee.

Pogula mbatatesi ya pa ndowa, auzeni akhuthulire m'thumba inu mukuona. Si onse ayi, ambiri ndi anthu achilungamo, koma alipo ena amaika zikuluzikulu pamwamba pansi pali tating'onoting'ono ngati mazira a nkhunda, ine zinandichitikirapo ndipo ndinakazindikira ndili kunyumba. Onaninso kuti si zobiriwira khungu ndiponso si zonyowa, yonyowa siichedwa kuola. Ngati ndi ya tchipisi nenani, ngati ndi yophika nenani, amayi aja amadziwa mitundu yake kuposa ife ndipo akusankhirani.

Kunenerera mtengo ndi kololedwa?

Mumsika ndi pamsewu inde, mu shopu yoika mitengo pa katundu ayi. Koma pali kunenerera ndi kufinya. Yambani ndi moni, mwaswera bwanji amayi, malonda akuyenda? Kenako funsani mtengo, pemphani achotseko pang'ono, akakana pemphani basera, nthawi zambiri akuponyerani tomato awiri atatu pamwamba ndi mtima woyera. Chimene sindimakonda ndi munthu wotsika m'galimoto yaikulu, ku supamaketi amalipira osafunsa, koma pa mulu wa anyezi wa gogo amene wadzuka 4 koloko m'chisanu chija akulimbana ngati mlandu wa munda. Feteleza anakwera, mankhwala anakwera, thiransipoti inakwera, mlimi uja phindu lake ndi lochepa kale.

Za Chongoni timangomva, kuli chani kwenikweni?

Apa ndiye ndikhalitsepo chifukwa ndi chuma chimene anthu a ku Dedza tomwe sitichidziwa bwino. M'mapiri a m'nkhalango ya Chongoni ndi m'midzi yozungulira muli mapanga ndi matanthwe ojambulidwa, malo 127 onse pamodzi, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Asanatero, m'Malawi muno malo otere anali amodzi okha, paki ya m'nyanja ya ku Cape Maclear imene inalowa mu 1984.

Zojambulazo zili mitundu iwiri ndipo mukangoziona musiyanitsa nokha. Zofiira ndi zakale kwambiri, ndi mizere, timadontho, zozungulira ngati dzuwa, zina ngati makwerero, ndipo amati anajambula ndi Akafula, ena amati Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene Achewa anawapeza kuno. Ndi aja a m'nthano za agogo athu, amwandionerapati, amene ukakumana naye umayenera kunena kuti ndakuonera patali. Zoyera ndi za Achewa, anajambula ndi dothi loyera pogwiritsa ntchito chala, zambiri ndi nyama zotambasula miyendo ngati buluzi kapena ng'ona ukamaiona kuchokera pamwamba, ndipo izi zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana, anamkungwi ankaphunzitsira pamenepo. Zina zoyera ndi zilombo za gule. Ndiye mukaima pa thanthwe limodzi mumaona mibadwo iwiri ya anthu osiyana itasanjikizana, choyera pamwamba pa chofiira, ndipo chimene chinachititsa chidwi anthu akunja n'choti miyambo ya zojambula zoyerazo sinafe, chinamwali chilipo, gule alipo, m'midzi yomweyo ya m'tsinde mwa mapiriwo.

Malo amene alendo amapitako kawirikawiri ndi atatu: Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi. Kwa munthu wa tsiku limodzi Chencherere ndiye yapafupi ndipo kukwera kwake ndi kwakufupi, njira yake ndi ya fumbi yodzera mbali ya koleji ya zankhalango, Malawi College of Forestry and Wildlife. Namzeze imafuna miyendo, mumayenda ndithu kukwera phiri, koma zojambula zake zinasungika bwino chifukwa anthu osokoneza safikako wambawamba. Mphunzi ili mbali ina, kumadzulo kwa M1, ndipo payokha imadya theka la tsiku.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi. Pa Chencherere mupeza maina a anthu olembedwa ndi makala ndi choko pamwamba penipeni pa zojambula, wina analemba dzina lake ndi la chibwenzi chake, ena anasonkha moto m'phanga utsi n'kudetsa thanthwe. Chinthu chakhala zaka mazanamazana mvula ndi dzuwa osachifafaniza, munthu n'kuchiwononga pa mphindi zisanu. Chonde musakhudze ndi manja, musathire madzi kuti chithunzi chioneke bwino pa foni, ndipo ana anu muwauze asanatsike m'galimoto.

Tingapite tokha ku mapangako kapena pafunika wotiperekeza?

Pezani wokuperekezani. Njira za m'nkhalango zimagawikana kambirimbiri, zikwangwani ndi zochepa ndipo mapu a pa foni akhoza kukutayitsani m'munda wa munthu. Funsani ku Pottery kapena ku koleji ya zankhalango ija akulumikizeni ndi oyang'anira malowa. Komanso wokuperekezani ndi amene amakuonetsani zimene diso lanu likanadumpha, zofiira zina zinazilala moti mpaka wina akulozereni. Mukafika pamudzi perekani moni kwa akuluakulu, nenani chimene mwabwerera, ndipo pomaliza muthokozeni wokuperekezaniyo ndi kangachepe koyenera, osati tindalama totsala m'thumba. Pali zina zokhudza chinamwali ndi gule zimene sangakuuzeni, akakhala chete musamukakamize.

Phiri la Dedza n'lokwereka kwa munthu wamba?

Ee, silifuna zingwe kapena luso lililonse. Nsonga yake ili pa mamita 2,198 koma poti tauni ili kale pamwamba, chimene mumakwera ndi mamita 600 okha basi. Pali msewu wa fumbi wokhotakhota wopita ku nsanja za mafoni ndi wailesi, mukautsatira ndi maola awiri kapena atatu kukwera, kutsika n'kofulumirako. Pamwamba kukakhala kopanda chifunga mumaona tauni yonse pansi panu, mapiri a Chongoni, minda ya ku Angonia m'dziko la Mozambique, ndipo tsiku lowala bwino nyanja imaonekera chakum'mawa.

Ife tili ana phirili linali lakuda bii ndi mitengo, lero mbali zina ndi zitsa zokhazokha chifukwa cha macheka, makala ndi moto wolusa, ndipo ndikakwera ndimabwerako ndi chisoni chosakanikirana ndi chimwemwe. Yendani awiri kapena atatu, tengani madzi, valani nsapato zogwira pansi. Mukasankha phiri ndiye Chongoni muisiye, miyendo siingalole zonse ziwiri pokhapokha ngati ndinu ozolowera.

Anthu amatchulanso Mua, tingaphatikize tsiku lomwelo?

Mua ili m'boma la Dedza lomweli koma kumunsi, mbali ya kunyanja kufupi ndi Mtakataka kwa Inkosi Kachindamoto. Ndi mishoni ya Akatolika imene ansembe a White Fathers anayambitsa mu 1902, ndipo pamenepo pali KuNgoni, malo a zachikhalidwe ndi zosemasema amene bambo Claude Boucher a ku Canada anatsegula mu 1976. M'nyumba yosungiramo zinthu ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndi nkhope za gule mazana angapo, malo oti munthu umalowa m'mawa n'kutuluka njala itakupweteka.

Kuti mukafike mumatsika msewu wa Khwekhwerere, umene umachoka pa M1 pa Masasa n'kukathera ku Golomoti. Msewu wokongola zedi, mumaona chigwa chonse mpaka kunyanja, m'mbali mwake anyamata amagulitsa tigalimoto, tinjinga ndi tindege tosema ndi mtengo taluso kwambiri. Koma ndi wokhotakhota ndi wotsetsereka, mabuleki akhale abwino ndipo dalaivala atsike ndi giya yotsika, yoyendera pang'onopang'ono. Yankho langa ndi loti ngati mukufuna Mua, pangani tsiku la Mua: m'mawa tiyi ku Pottery, kutsika Khwekhwerere, masana onse ku KuNgoni, kubwerera ku Lilongwe kudzera ku Salima. Kuphatikiza Mua ndi Chongoni ndi msika ndiye mungokhala mukujambula zithunzi pa windo.

Tikakumana ndi gule panjira tichite bwanji?

Zimachitika, makamaka nthawi yokolola ikatha pamene kumakhala ziliza ndi zinamwali. Patukani, apatseni njira, ngati muli wapansi khalani pansi kapena gwadani chapatali, mukhoza kuponya kandalama pansi osati kupereka m'manja. Musaloze chala, musaseke, musayerekeze kutchula dzina la munthu, ndipo foni ikhale m'thumba pokhapokha eni mudzi atakulolani. Kaya mpingo wanu umati chani za gule, pamenepo muli kwa eni ake. Gule Wamkulu naye UNESCO inamuzindikira mu 2005, chaka chimodzi Chongoni isanalowe.

Nkhomaliro tikadye kuti ngati bajeti ndi yochepa?

Pafupi ndi depoti ndi mumsika muli malesitilanti a nsima, ya nkhuku yachikuda, ya nyama ya mbuzi, nyemba, mpiru wotendera. Lowani mmene mwadzaza anthu, chakudya chake chimakhala chatsopano. Apo ayi imani pa chiwaya, tchipisi cha ku Dedza ndi cha mbatatesi yokumbidwa dzulo, kuthira kabichi ndi tsabola, m'kachisanu kaja simungachiiwale. Nthawi ya dzinja pali chimanga chootcha ndi bowa, chakumapeto kwa chaka mapichesi ndi masuku. Bowa gulani kwa amayi achikulire odziwa, ndipo musatole nokha m'nkhalango olo aoneke okongola bwanji.

Akuti Mozambique ili pafupi, tingadumphe kukaona?

Ili pafupi kwambiri. Chipata cha Dedza chili pamphuno pa tauni, mbali inayo amati Calomue, msewu wake umapita ku Ulongwe mpaka ku Tete. Ndipo kuchokera ku Dedza kulowera ku Ntcheu pali malo ataliatali amene M1 ndiyo malire, dzanja ili Malawi dzanja ilo Mozambique, pa Lizulu mukangowoloka msewu mwaponda dziko lina, zikwangwani za mashopu zasanduka Chipwitikizi koma anthu ake akuyankhula Chichewa chomwechi, ambiri ndi pachibale, maliro amayendera limodzi. Kugula kanthu pa shopu ya tsidya la msewu anthu amachita tsiku ndi tsiku. Koma kulowa m'kati ndi nkhani ina, dzerani pa chipata ndi pasipoti kapena border pass, musamvere wa njinga amene akuti akudutsitsani njira yachidule. Katundu wambiri wogula tsidya ilo amafuna msonkho, a MRA amakhala pamsewu.

Ndalama titenge kashi kapena za pafoni zikwanira?

Tengani zonse. Ma ajenti a Airtel Money ndi Mpamba ali ponseponse pa boma, mabanki ndi ma ATM aliponso, koma gogo wa nyemba ndi mnyamata wokuperekezani ku phanga amafuna ndalama ya m'manja, ndipo ikhale yosinthasintha chifukwa chenje chimavuta m'mawa. Netiweki m'tauni ilibe vuto, m'nkhalango imabwera n'kupita. Chitupa cha unzika chikhale m'thumba poti ndi dera la m'malire ndipo pa rodibuloko akhoza kufunsa.

Makala a m'mbali mwa msewu asiyeni. A zankhalango amalanda, komanso ndi omwewo akumaliza phiri lija.

Ndi ulendo woti n'kutenga ana ndi makolo okalamba?

Ana amasangalala kwambiri ku Pottery poona dothi likusanduka kapu, ndipo a msinkhu wa pulayimale Chencherere amakwera bwinobwino, ndipotu zimene amawerenga m'buku la Social Studies za Akafula amakaziona ndi maso. Agogo asiyeni pa kapinga ndi tiyi wawo kapena muwatengere ku Bembeke akaone tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza, kumeneko galimoto imafika pakhomo. Zimbudzi zabwino zili ku malo odyera, mumsika ndi zolipira, ku mapanga kulibe, ndiye konzekeranitu.

Miyezi yabwino ndi iti?

Kuyambira May mpaka October misewu ya fumbi imakhala youma ndipo Chongoni imafikika ndi galimoto wamba ngati ili yokwererapo pansi. April ndi May ndiye ndimawakonda ine, dziko likadali lobiriwira, kumwamba kuli mbee, zokolola zayamba kutsika mtengo. September ndi October utsi wa moto wa tchire umaphimba mapiri ndiye pamwamba simuona patali. M'dzinja tauni, msika ndi Pottery zilibe vuto koma dothi lofiira la m'nkhalango likanyowa limaterera ngati sopo, galimoto yaing'ono musailowetseko.

Tibwerere nthawi yanji?

4 koloko muzikhala mutamanga katundu. M1 usiku si yabwino, mathiraki ochokera kuchipata amakhala ambiri, njinga zopanda magetsi, ngolo, anthu oyenda m'mbali mwa msewu pa Chimbiya ndi pa Nathenje, ndiye m'miyezi yozizira chifunga chimatsika msanga. A minibasi musadikire yomaliza chifukwa imachedwa kudzaza ndipo ikakutsitsani ku depoti ya Lilongwe mdima utagwa muli ndi thumba la mbatatesi ndi bokosi la makapu, muvutika kupeza yokafika kwanu. Makapuwo auzeni akukulungireni m'mapepala mokwanira ndipo muwanyamule pamiyendo, asapite ku buti limodzi ndi mbatatesi.